Keke ya maapozi pamene mango akuolera kuseri kwa kalasi?

Wolemba: mtsikana wa Fomu 3

Lachitatu lapitali komiti yokonza phwando lotsekera teremu inakumana, ndipo zimene anagwirizana ambiri mwazimva kale. Akuti aliyense asonkhe ndalama, anthu awiri akwere minibasi kupita ku Lilongwe kukagula fulawa, majarini ndi maapozi, tidzaphike keke ya maapozi yonga imene mnzathu wina anaiona pa Facebook. Ine ndinalipo pamsonkhanowo. Ndinakweza mkono, koma belu linalira ndisanapatsidwe mpata, ndiye ndati ndilembe pano kuti aliyense awerenge yekha. A komiti musandikwiyire, sindikulimbana ndi munthu ayi. Ndikulimbana ndi apozi.

Poyamba ndivomere kuti kanemayo nanenso ndinamuonera, ndipo malovu anadzadza m'kamwa. Mzimayi wa ku America akusenda maapozi, kuwaduladula, kuwaza shuga ndi cinnamon, kenaka n'kutulutsa mu uvuni chinthu chofiirira bwino chikutuluka nthunzi. Koma munamva zimene ananena poyamba penipeni? Anati mtengo wa kuseri kwa nyumba yake wabereka mopitirira muyeso ndipo akusowa kochita nawo maapoziwo. Nkhani yonse yagona pamenepo. Ku Ulaya ndi ku America maapozi amapsa cha mu Seputembala ndi Okutobala, nyengo yozizira ikamayandikira, ndipo amagwa okha pansi mpaka anthu kutopa nawo. Makeke amenewa anayamba chifukwa anthu sankafuna kuti zipatso za pakhomo ziwonongeke. Sanakwere minibasi kukafuna chipatso chachilendo. Anatola chomwe chinali pansi pa mtengo.

Tsono ifeyo pansi pa mtengo pali chiyani? Tulukani panja pa nthawi ya buleki muyang'ane kuseri kwa kalasi ya Fomu 2. Mango ali mbwee, ntchentche zili ng'waa, ndipo a pulifekiti amatipatsa chibalo chosesa mango oola m'mawa uliwonse. Pitani pa Mpingu, pa Namitete kapena pa Nsaru tsiku la msika muone milu ya mango a boloma ndi a kalisere, ogulitsa akuchita kukupemphani kuti mutenge ndi basera lomwe. Pofika kumapeto a Januwale onsewa adzakhala atatha, ambiri osadyedwa ndi munthu. Ndiye ife tisiye zimenezi, tisonkhe ndalama zokagula chipatso chochokera kutali, eti?

Ndipotu n'kutalidi. Mtengo wa maapozi umafuna kuzizira kwa nthawi yaitali kuti uchite maluwa bwino, n'chifukwa chake simuuona m'minda ya ku Kabudula kapena ku Nambuma. Maapozi ambiri amene mumawaona m'mashopu ndi m'mabeseni a mavenda m'tauni amachokera ku South Africa, kumadera onga Ceres ndi Elgin kufupi ndi Cape Town. Kumeneko amathyoledwa miyezi yoyambirira ya chaka, n'kusungidwa m'nyumba zozizira, kenaka n'kuyenda masiku angapo pa thiraki. Fulawa nayenso ndi chimodzimodzi, tirigu wambiri amene timadya m'dziko muno ndi wogula kunja. Amene mumatenga Social Studies mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse cholowa pa boda chinakwera mtengo. Ndalama ya apozi mmodzi lero ingakugulireni mango odzadza jumbo. Ndipo keke yokwanira sukulu yonse sifuna apozi mmodzi.

Ganiziraninso amene tikukawapempha ndalamazo. Mvula yagwa, makolo athu ali pa kalikiliki wofuna feteleza ndi mbewu, ena fizi ya teremu ino sanamalize n'komwe. Ine sindingathe kukaima pamaso pa amayi n'kunena kuti, "Amayi, mundipatseko ndalama ya maapozi." Adzandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kundifunsa ngati kusukuluko tikuphunzirako zamisala. Ndikudziwa kuti alipo anzathu ena amene sadzasonkha, ndipo tsiku la phwandolo adzangosowa mwakachetechete chifukwa cha manyazi. Tinaziona chaka chatha. Phwando la sukulu yonse limene ena akulithawa silikhalanso la sukulu yonse.

Wina ananena pamsonkhano paja kuti, "Aaa, mango ndiye kumudzi kwenikweni, keke ya mango inayamba yaoneka kuti?" Inaoneka kwathu, aise, Disembala wathayu, ndipo ndikuuzani mmene zinayendera chifukwa sizinayende bwino poyamba.

Azakhali anga amaphika zigumu zogulitsa pamsika. Alibe uvuni, alibe magetsi. Ali ndi poto wamkulu wokhuthala pansi, chidutswa cha lata chovundikirira, ndi moto. Chigumu chawo ndi chomwe mukuchidziwa: ufa wa mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri zofinya, shuga pang'ono, mchere, soda ndi madzi. Amapaka mafuta m'poto, kuthiramo, kuika pa moto wochepa, n'kuunjika makala ambiri pamwamba pa lata paja. Moto wambiri umakhala pamwamba, wapansi ndi wongofunditsa. Ine ndinawapempha kuti m'malo mwa nthochi tiyese mango. Anaseka, koma analola.

Ulendo woyamba ndinafinya kalisere wakupsa kwambiri n'kuthira madzi monga mwa masiku onse. Chimene chinatuluka m'potomo sichinali chigumu, sichinalinso phala, ndipo ulusi wa kalisere unkatsalira m'mano ngati wadya chingwe. Achimwene anga anati tikapatse nkhumba. Azakhali sananene zambiri, anangoti, "Mwana iwe, bango lili ndi madzi ake kale, iwe ukuonjezeranso a chiyani?"

Ulendo wachiwiri tinatenga boloma woti wayamba kupsa koma akadali wolimba, wowawasira pang'ono. Apa mpamene ndinazindikira kuti kukoma kwa keke ya maapozi ija kumachokera pa kuwawasa kukakumana ndi shuga, ndipo bango losapsetsa limachita zomwezo. Tinasenda, kudula timagawo, kufinyirapo ndimu, kuwaza shuga, n'kuyala pansi pa poto wopaka mafuta. Pamwamba tinathira chosakaniza cha chigumu chija, cholimbirapo kusiyana ndi masiku onse. Patatha pafupifupi ola tinabaya ndi kamtengo, kanatuluka kouma. Titagadabuza poto pa mbale, mango anali pamwamba, achikasu chofiirira, atamata ngati uchi. Achimwene omwe aja anadya magawo atatu osatchulanso za nkhumba.

Palinso njira ina yosavuta kuposa imeneyi, ndipo ndinaimva kwa madamu a Home Economics. Azungu a ku Britain ali ndi chakudya chotchedwa crumble. Zipatso zimakhala pansi, pamwamba n'kuwaza ufa wofikisa ndi mafuta ndi shuga, wokhala ngati mchenga wonyowa. Chinatchuka nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, 1939 mpaka 1945, pamene shuga ndi mafuta zinkagawidwa mopimira ndipo anthu sankakwanitsa kuphika makeke enieni. Mwamva? Chimene tikuchisirira pa foni ngati cha anthu olemera chinali chakudya cha pa mavuto. Ifeyo tikhoza kufikisa mgaiwa, nsinjiro, shuga ndi mafuta pang'ono, n'kuwaza pamwamba pa mango. Nsinjiro tikazisowa kuno, kwawo kwa mtedza, ndiye kuti tangofuna.

Sindikunena kuti zonse ndi zophweka. Pali zinthu zitatu zimene anzanga andifunsa ndipo ndi zomveka.

China ndi ufa. Miyezi ino nkhokwe zambiri zapepuka, ndipo m'makomo ena mango ophika ndiwo nkhomaliro yeniyeni, osati zoseweretsa. Kupempha mgaiwa kwa banja lotere ndi kulakwa kofanana ndi kupempha ndalama ya maapozi. N'chifukwa chake ndikuti pasakhale mulingo woti aliyense abweretse chakutichakuti. Amene ali ndi kapu ya ufa abweretse ufa, amene ali ndi mtengo wa mango abweretse mango, amene alibe kanthu abwere ndi manja ake adzasende. Ndalama yogulira shuga, soda ndi mafuta yokha ndi yochepa, tikhoza kuipeza osavutitsa aliyense.

China ndi ukhondo, ndipo apa sindikuseka. Nyengo ya mango ndi nyengo yomweyonso ya ntchentche ndi matenda otsegula m'mimba. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mumzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Choncho mango otola pansi, ong'aluka kapena a mphutsi, ayi. Tithyole mumtengo, titsuke ndi madzi a pa mjigo othira klorini, osenda asambe m'manja ndi sopo, ndipo chophikacho chivundikiridwe mpaka nthawi yodya. Komatu apozi amene wagwiridwa ndi manja makumi angapo kuchokera ku Cape Town mpaka pa depoti ya Lilongwe nayenso amafuna kutsuka komweko.

Chachitatu ndi makala. A Wildlife Club andikumbutsa kuti nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, ikutha chifukwa cha makala omwewa. Zoona. Koma azakhali anga masiku ambiri sagula makala. Amasonkha zitsononkho zouma, zikanyeka n'kusanduka makala ofiira amaziika pa lata. Zimatha msanga, ndiye pamafunika munthu wokhala pafupi kumaonjezera. Anyamata a Fomu 4 amene mumati kuphika ndi ntchito ya atsikana, ntchito yanu ndi imeneyo, ndipo kusenda mango sikunathyolepo munthu mkono.

Chimene chimandipweteka kwenikweni si ndalama. Ndi mmene timatchulira mawu oti "kumudzi", ngati kuti ndi matenda. Pa buleki timathamangira zigumu ndi zitumbuwa za amayi a pageti, kudya mpaka kunyambita zala, koma likafika tsiku loti tavala bwino timafuna tizinamizire kuti sitizidziwa. Chonsecho ku Salima kuli kampani ya Malawi Mangoes imene imaumitsa mango a m'dziko muno n'kumagulitsa kunja. Azungu akulipira ndalama zambiri kuti alawe chimene ife tikusesa ngati chibalo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo kuno kolima fodya sitifunika kutanthauziridwa.

Mango akatha sikuti nkhani yatha. Teremu yachiwiri kumabwera magwafa ndi maungu, yachitatu mbatata. Mbatata yofiira mkati ija, monga Kadyaubwerere, Chipika ndi Kaphulira, imene alangizi amalimbikitsa chifukwa cha vitamini A, ikaphikidwa n'kufinyidwa imalowa m'chigumu bwinobwino ndipo shuga amafunika wochepa. Koma izo tidzakambirana nthawi yake ikafika.

Pempho langa kwa a komiti ndi ili: musanatolere ndalama ya munthu aliyense, tipatseni mpata umodzi wokha. Lachisanu likudzali tikaweruka, ine ndi anzanga awiri a Fomu 3 tidzaphika poto mmodzi kuseri kwa kalasi ya Fomu 2, ngati a hedi atilola. Poto ndi lata azakhali abwereka kale. Tikusowa boloma khumi wosapsetsa, makapu anayi a mgaiwa, mandimu awiri ndi thumba la zitsononkho zouma. A komiti mudzalawe nokha. Chikadzakhala choipa ndidzakhala woyamba kusonkha ya maapozi, ndipo pepala lino ndidzalimatula ndekha. Amene muli ndi chimodzi mwa zinthu zimenezi lembani dzina lanu ndi pensulo m'munsimu, osati pamwamba pa nkhani ya mpira ya anzathu ili pambaliyi.