Mbale ya mayi aang'ono ndinkadya ndine

Chaka chatha ndinakhala masabata awiri pachipatala china cha boma ndikudwazika mayi anga aang'ono. Masana aliwonse kunkabwera nsima ya mgaiwa ndi nyemba. Iwo anali ndi zilonda m'kamwa, sankatha kumeza. Mbaleyo ndinkadya ndine, kenako n'kupita kukhitchini ya magadiyani kukawaphikira phala la ufa umene tinachoka nawo kumudzi. M'kaundula wa chipatala, wodwala wathuyo anadya masiku onse.

Tsono nditabwerera kukoleji anatiphunzitsa njira ya DEA, imene Charnes, Cooper ndi Rhodes anafalitsa mu 1978. Umatenga zimene khitchini yagwiritsa ntchito, monga ndalama, antchito ndi nkhuni, n'kuziyerekeza ndi zimene yatulutsa, kawirikawiri chiwerengero cha mbale. Khitchini yoposa zinzake imapeza 100 peresenti. Masamu ake ndi okoma, sindikukana. Koma taonani: njirayi imangoyerekeza makhitchini okhaokha. Onse akamaphika zosadyeka, wina amakhalabe katswiri. Ndipo khitchini ikasiya kugula mazira ndi mkaka n'kumangopereka nyemba, ndalama zimatsika, mbale zili zomwezo, malikisi n'kukwera. Amene akulipira kusiyanako ndi gadiyani wogula makala panja pa geti, ndipo m'masamumo iye mulibe.

Anzanga ena amati kuyeza chimene wodwala wadyadi n'kovuta komanso n'kodula. Bodza limenelo. Pamafunika sikelo ndi munthu woyeza mbale popita kuwodi ndi pobwerera, n'kufunsa kuti wadya ndani. Ngakhale kungoyang'ana n'kulemba kuti wadya zonse, theka, kota kapena sanakhudze n'komwe, kumathandiza. Umu ndi mmene kafukufuku wa nutritionDay anachitira m'zipatala za ku Ulaya mu 2006. Anapeza kuti odwala oposa theka sankamaliza chakudya chawo, ndipo mwa amene ankadya pang'ono kapena osadya n'komwe, imfa zinali zochuluka. Kumenekotu n'kumene chakudya sichisowa.

Ife amene tikulemba mapulojekiti a chaka chomaliza timakonda manambala a kuofesi ya akawunti chifukwa amabwera kale mu Excel. Kuwodi kumanunkha mankhwala, chilolezo cha kafukufuku chimachedwa. Inenso poyamba ndinasankha mutu wosavutawo. Ndausintha, ngakhale supavaiza wanga akuti nthawi sindikhala nayo. Sikelo ndabwereka kwa mayi wina wogulitsa nyemba mumsika.