Mayi wa pakauntala akudziwa zimene abwana sakuzidziwa

Ndinagwira ntchito yothandiza makasitomala zaka 9 mumzinda wa Blantyre, poyamba pakauntala, kenako pa foni. Sindiiwala agogo ena aamuna amene anabwera kuchokera ku Chiradzulu atavala jekete, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Mwana wawo wa ku Joni anawatumizira ndalama za feteleza, koma sizinafike. Analowa akugogoda pansi ndi ndodo. "Mwana iwe, ndalama zanga mwadya ndi ndani?" Ndinawapatsa mpando ndi madzi akumwa, ndipo ndinafufuza kwa ola lathunthu mpaka ndinapeza kuti nambala imodzi inalembedwa molakwika. Potuluka anandigwira dzanja ndi manja awiri nati, "Zikomo mayi, mwandichotsa manyazi kunyumba."

Madzulo ake lipoti la tsikulo linati ndinataya nthawi yambiri pa kasitomala mmodzi.

Lipoti limenelo limandiwawabe, chifukwa likuonetsa mmene ntchitoyi amaionera kumtunda. Lowani m'banki iliyonse, m'shopu ya kampani ya mafoni kapena mu ofesi yolipirira madzi, mupeza kuti ambiri amene akhala kutsogolo ndi amayi. Amati ife ndife ofatsa, timadziwa kumwetulira. Koma kumwetulira sikunapezepo ndalama zosowa. Ntchitoyi imafuna mutu. Uyenera kudziwa makina, kudziwa malamulo a kampani, kulankhula Chichewa ndi uyu, Chingerezi ndi uyo, ndi kumvako Chiyao kapena Chitumbuka kuti munthu wamkulu asachite kubwereza katatu. Uyenera kuzindikira m'mawu okha kuti amene akuimbayu ndi mwini nambala kapena ndi mbava. Mauthenga aja a mbava akuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" ife tinayamba kuwamva kwa anthu olira pakauntala, kumtunda asanaitanitse msonkhano uliwonse.

Chilichonse chimene chagamulidwa m'chipinda cha mabwana chimadzaphulikira pa ife. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera, ndipo amene anatukwanidwa anali mtsikana wa pa foni amene naye malipiro ake anali atafota. Netiweki ikavuta, mayi wa pakauntala ndiye amapepesa. Choncho iye ndi amene amadziwa chimene chikuthawitsa makasitomala, fomu imene anthu akulephera kudzaza, ndi chinthu chimene kampani ikulengeza pa wailesi koma sichikugwira ntchito kumudzi.

Nanga mpando wa umanijala ukapezeka, umapita kwa ndani? Kumene ndinali, kawiri konse anatibweretsera munthu wochokera ku dipatimenti ina, amene ife tomwe tinachita kumuphunzitsa ntchito. Nditalimba mtima n'kufunsira, mmodzi wa ofunsa mafunso anandifunsa kuti ndili ndi ana angati ndipo ngati ndikufuna kuberekanso. Mnzanga wamwamuna amene analowa pambuyo panga, wa ana anayi, sanafunsidwe zimenezo. Lamulo la ntchito la 2000 limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata 8, malipiro ake osadulidwa, kamodzi pa zaka zitatu. Ndi ufulu wake, koma m'maofesi ambiri amauwerengera ngati mlandu.

Pali zinanso zimene sitizinena poyera. Shifiti yausiku ikatha minibasi zimakhala zitasiya kuyenda. Ukakwera kabaza mumdima mtima uli m'mwamba, ukafika kunyumba aneba ayamba kale kunong'ona kuti ntchito yanji yoweruka usiku. Pali makasitomala amene amakupempha nambala, ukakana amakanena kuti ndiwe wamwano. Ukadandaula umauzidwa kuti kasitomala ndi bwana. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zamtunduwu, koma mtsikana wa kontirakiti ya miyezi 6 amaopa kuti akalankhula sadzamuwonjezera nthawi. Lamulo lomweli limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 alionse. Makampani omwe si aboma mfundo imeneyi siiwamanga, komatu ndi kumene amayi ambiri a ntchito yathuyi ali.

Ena adzati amayi akukwera kale, ndipo n'zoona. Joyce Banda anakhala mtsogoleri wa dziko mu 2012, Anastasia Msosa anakhala mkulu wa makhoti mu 2013, Catherine Gotani Hara anakhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo mu 2019. Nkhope ya Rose Chibambo ili pa K200 imene timawerenga pakauntala tsiku lililonse. Ndimanyadira zimenezi. Koma kukwera kwawo sikunasinthe njira ya mtsikana amene wakhala pampando umodzi zaka 7.

Sabata yoyamba ya Okutobala makampani amakondwerera makasitomala, amagawa matisheti, mabwana amatsika kudzakhala pakauntala kwa kanthawi. Sindikutsutsa mwambowu. Ndikupempha kuti pakhale njira yolembedwa yochokera pakauntala kukafika pa umanijala, kuti amene wakhala zaka zitatu adziwe chimene akuyenera kuchita kuti akwere. Mtsogoleri wa gulu la pakauntala azikhala nawo pa misonkhano imene imakonza mitengo ndi zinthu zatsopano. Ndipo woweruka usiku azikatulidwa pakhomo pake ndi galimoto ya kampani, osati pamsewu waukulu.

Nditapatsidwa gulu la anthu 12 kuti ndiziliyang'anira, ndinangolola kuti azisinthana mashifiti okha bola andiuze. Mayi woyamwitsa anasiya kujomba, ndipo amene ankaphunzira madzulo anasiya kunama kuti akudwala. Sizinadye ngakhale tambala ya kampani.

Mmodzi wa iwo, mtsikana wa ku Ndirande amene ndinamuphunzitsa kuyankha foni yake yoyamba manja akunjenjemera, wamaliza maphunziro a zamalonda ku MUBAS, ija tinkaitcha Poly. Anandiimbira sabata yatha kuti kuntchito kwawo kwatuluka mpando wa umanijala, koma akuopa kufunsira chifukwa ali ndi pakati pa miyezi inayi. Ndamuuza kuti alembe kalatayo, abwere nayo Loweruka tidzaiwerengere limodzi.