Buku, Kanema ndi Sewero

Madzulo, mwezi ukatuluka pa phiri la Chiradzulu, ana asonkhana kwa agogo kudzamva nthano. Agogo akafika pakati pa nthano ayambitsa nyimbo, ndipo ana onse avomera. M'mawa mwake mwana wina afotokozera anzake nthano yomweyo, koma asintha pang'ono: kalulu amene anabisala m'phanga, tsopano abisala kuseri kwa chulu. Chomwecho achita anthu ndi mabuku. Atenga nkhani yolembedwa, naisandutsa kanema, kapena sewero lokhala ndi nyimbo. Ntchito imeneyi ili yabwino, koma mwana wanzeru ayenera kudziwa kuti kanema sindiye buku.

Pali nkhani ina ya m'Malawi muno imene yayenda njira zonse zitatu. William Kamkwamba anabadwa mu 1987, nakulira m'mudzi wa Masitala, pafupi ndi Wimbe, m'boma la Kasungu. Pa njala yaikulu ya 2001 ndi 2002 makolo ake anasowa ndalama za sukulu, ndipo mnyamatayo analeka kuphunzira. Koma sanakhale chabe. Anapita ku kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya Wimbe, napeza buku lotchedwa Using Energy, limene linali ndi chithunzi cha makina ozungulira ndi mphepo. Chingerezi chinamvuta, koma anapenyetsetsa zithunzi, nafunsa tanthauzo la mawu. Pamenepo anatola zitsulo zotayidwa, natenga njinga yakufa ya atate wake ndi mitengo ya bulugamu, namanga makina ake. Anthu anamuyesa wamisala, kufikira tsiku lija mphepo inaomba, nyali niyaka.

Mu 2009 William analemba mbiri yake pamodzi ndi Bryan Mealer, m'buku lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, ndiko kunena mnyamata amene anagwiritsa mphepo ntchito. Pambuyo pake analikonzanso kuti ana athe kuliwerenga. Mu 2019 Chiwetel Ejiofor, wa ku England, anatulutsa kanema wa nkhaniyo. Anamjambula ku Kasungu konko, ndipo iye mwini anaphunzira Chichewa kuti asewere ngati atate wa William. Mu 2026 gulu la Royal Shakespeare Company linaika nkhaniyo pa bwalo la masewero ku Stratford-upon-Avon, anthu alikuyimba.

Tsono kusiyana kuli apa. M'kanema, makina a William atunga madzi pachitsime, nathirira munda, ndipo anthu apulumuka ku njala. M'buku simuli chotero. Njala inayamba kutha pamene chimanga chinacha m'minda, ndipo makina oyambawo anapatsa banja kuwala kwa usiku ndi mphamvu ya wailesi. Zotunga madzi zinadza patapita zaka, mbiri ya William itamveka kutali. Wokonza kanema sanafune kunyenga munthu. Anali ndi maola osakwana awiri, ndipo anasonkhanitsa za zaka zambiri pamalo amodzi kuti oonera agwidwe mtima. Wokonza sewero la nyimbo afupikitsanso koposa, pakuti nyimbo imodzi idya nthawi imene munthu akadawerenga masamba angapo.

Ena anena kuti, Nanga buku lili ndi ntchito yanji, popeza kanema aonetsa zonse? Mawu awo ali ndi choonadi pang'ono. Mabuku asowa m'midzi yambiri, ndipo agogo amene sanapite kusukulu akhoza kuona kanema, namva chilankhulo chawo, nazindikira nkhokwe yopanda kanthu, chifukwa njala ija anaiona okha. Nyimbo nayonso ilowa mumtima msanga, monga ichita m'nthano. Chifukwa chake kanema ndi sewero siziyenera kunyozedwa.

Koma kanema athamanga, ndipo sayembekeza munthu. Aonetsa nyali ilikuyaka, koma masabata onse aja a kufunafuna m'dzala la zitsulo, ndi kuyesa ndi kulephera, apita ngati mphezi. Buku lifotokoza pang'onopang'ono umo dayinamo ya njinga ipangira magetsi, ndipo wowerenga akapanda kumva abwerera, nawerenganso. Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana woona kanema yekha atuluka alikutama William. Mwana wowerenga buku atuluka atadziwa umo William anachitira, ndipo akhoza kuyesa iye mwini.

Chinthu chachikulu m'nkhani yonseyi ndi ichi, kuti William anayamba ndi kuwerenga. Akadapanda kutsegula buku la ku Wimbe lija, sipakadakhala makina, ngakhale kanema, ngakhale sewero. Motero mwana wa ku Namitambo kapena wa ku Mbulumbuzi akaona kanema wa nkhani yokoma, akondwere naye, ndipo m'mawa mwake afunse mphunzitsi ngati buku lake lipezeka. Akalipeza awerenge, nalinganize ziwirizo: ichi anachisiya, ichi anachisintha, ichi anaonjeza. Ndipo ana a sukulu akafuna kuchita sewero lawo pa tsiku lotsekera, ayambe awerenga nkhani yonse bwino, kuti posankha zosiya asataye chimene mwini nkhani anafuna kunena.