Ulendo wa ku Likhubula usathetse chibale

Masiku a tchuthi akamayandikira, kaya ndi 6 Julayi, tsiku la anakubala pa 15 Okutobala kapena Khirisimasi, m'matauni monga Luchenza, Bvumbwe, Lunzu ndi Balaka mumayamba kumveka nkhani yofanana. Amayi a banki m'khonde, a kwaya, anyamata ochita geni pamsika, ngakhalenso anthu apachibale amagwirizana zopita ku Likhubula, patsinde pa phiri la Mulanje, kukaona mathithi a pa Dziwe la Nkhalamba ndi kukajambulitsa zithunzi.

Zimenezi n'zoyamikika. Kwa zaka zambiri phirili linkaoneka ngati la azungu okha, eni nthaka n'kumangolionera pawindo la basi. Mu Julayi 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse, ndipo zingakhale zamanyazi kuti mlendo wochokera ku Germany alidziwe bwino kuposa mwana wobadwira ku Thyolo. Banja lomwe lagwira ntchito chaka chonse lili ndi ufulu wopumako tsiku limodzi kapena awiri.

Chodandaulitsa n'chakuti maulendo ambiri otere amanyamuka ndi nyimbo koma pobwerera m'galimoto mumakhala zii, aliyense atayang'ana kumbali. Gwero la mkangano nthawi zambiri ndi ndalama zomwe anthu sadakambirane asananyamuke. Pachikhalidwe chathu chachimalawi nkhani ya ndalama pakati pa abale imachititsa manyazi. Mlamu sangafunse mlamu mnzake kuti wasonkha zingati, ndipo mphwake sangauze amalume ake kuti gawo lawo silidakwane. Manyazi omwewo ndi amene amadzabala mawu oipa madzulo, pomwe dalaivala akufuna ndalama yake yotsala ndipo aliyense akupapasa m'thumba mopanda kanthu.

Galimoto yahayala ndiyo imayambitsa mavuto ambiri. Mwachitsanzo, anthu 15 atha kugwirizana ndi mwini minibasi pa K300,000, kutanthauza kuti aliyense apereka K20,000. Tsiku la ulendo litafika, asanu n'kusintha maganizo: wina mwana wadwala, wina kwagwa maliro, wina foni sikupezeka. Mwini galimoto satsitsa mtengo chifukwa mafuta ndi omwewo. Otsalawo tsopano ayenera kupereka K30,000 aliyense, ndipo K10,000 yoonjezerayo ndi imene adasungira chakudya cha ana. N'chifukwa chake gulu lanzeru limatolera ndalama ya galimoto kudakali sabata ziwiri kapena zitatu, n'kugwirizana poyera kuti wosintha maganizo sabwezeredwa pokhapokha atapeza wina wolowa m'malo mwake. Lamuloli limamveka lankhanza, makamaka kwa amene wagweredwa zovuta zenizeni, ndipo gulu likhoza kusankha kumuchitira chifundo. Koma chifundocho chichokere m'thumba la gulu mogwirizana, osati chigwere munthu mmodzi amene adangopezeka ndi ndalama tsiku limenelo.

Oyenda pa minibasi wamba nawo asaiwale kuti ulendo suthera pa Chitakale. Kuchokera pamphambano imeneyi kukafika ku Likhubula pali mtunda wa makilomita pafupifupi 10 pamsewu wopita ku Phalombe, ndipo pamafunika kabaza kapena galimoto ina, popita ndi pobwerera. Banja la anthu asanu ndi mmodzi likawerengera za basi yochokera ku Limbe yokha, limakazindikira lili pa Chitakale kuti bajeti yaperewera.

Mitengo imene munthu adamva kwa mnzake amene adapitako kale si yodalirika. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu siidabwererenso pomwe idali. Amene akunena kuti "ife tidangolipira mwakutimwakuti" mwina adapitako zimenezi zisanachitike. N'kwabwino kuti mmodzi wa pagulu afunse mitengo ya lero, yolowera m'nkhalango, yogona ndi ya otsogolera alendo, asanauze anzake ndalama yosonkha.

Apa ndi pamene pali nkhani yaikulu. Ndalama zikayamba kuchepa, anthu ambiri sachepetsa zakumwa kapena nyama yootcha. Amene amamuchotsa pa bajeti ndi wotsogolera alendo ndi wonyamula katundu, omwe kumeneko amawatcha magaidi ndi mapotala. Ena amawatenga ndithu koma pobwerera n'kuyamba kunenerera mtengo womwe adagwirizana kale, ati popeza "tonse ndife Amalawi". Uku n'kulakwa. Anyamata ndi abambo a m'midzi yozungulira Likhubula amadyetsa mabanja awo ndi ntchito imeneyi, ndipo sikuti amapeza alendo tsiku lililonse. Amene adaonerako mpikisano wothamanga wa Porters Race, womwe umayambira ndi kuthera pa Likhubula pomwepo kudzera ku Chambe ndi ku Lichenya, amadziwa kulimba kwa ntchito yawo. Munthu wasenza chikwama cha mnzake kukwera nacho phiri kwa maola atatu kapena anayi, ndiye kumapeto auzidwe kuti ndalama zathera m'njira? Thukuta la Mmalawi silitsika mtengo chifukwa amene wamulemba ntchito ndi Mmalawi mnzake.

Komanso si nkhani ya chilungamo chokha, ndi ya moyo. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002 ndipo nyengo imasintha mwadzidzidzi. Chifunga chikatsika munthu saona ngakhale mwala uli patsogolo pake. M'chaka cha 2009 mlendo wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, adamwalira paphiripo atapitiriza ulendo wa ku Sapitwa yekha, wopanda womutsogolera. Ngakhale pa Dziwe la Nkhalamba, pomwe ndi pafupi, madzi ake ndi ozizira kwambiri, akuya, ndipo miyala yake ndi yoterera. Gulu lomwe latenga ana likufunika munthu wodziwa malowo kuposa mmene likufunira kireti yachiwiri ya zakumwa.

Ofuna kugona paphiri ali ndi zambiri zoti awerengere. Ku Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Chisepo kuli tinyumba togona alendo, koma kulibe golosale. Ufa, ndiwo, mchere, shuga, machesi ndi zofunda zimachokera pansi, ndipo mlonda wosamalira kanyumbako, amene amakonza nkhuni ndi madzi, amayenera kusiyiridwa kangachepe. Ulendo wa ku Sapitwa kwa anthu ambiri umatenga masiku atatu, choncho chilichonse chiwerengedwe katatu. Banja lomwe thumba lake silingakwanitse zimenezi lisachite manyazi kukathera pamathithi n'kubwerera tsiku lomwelo, litanyamula mpunga wake wophikaphika ndi nthochi za m'njira. Limenelonso laona Mulanje.

Pali chizolowezi china chofunika kuchiunika. Pofuna kupulumutsa ndalama ya malo ogona, magulu ena amakafikira kwa wachibale amene amakhala pa Mulanje boma kapena amagwira ntchito m'minda ya tiyi. Paja amati mlendo ndi mame, koma mame a anthu khumi amatha thumba la ufa pa masiku awiri. Mwini nyumba sangadandaule, amangomwetulira n'kupha nkhuku yomwe amasungira Khirisimasi, alendo atapita n'kukakongola. Ndalama yomwe gulu likuganiza kuti lapulumutsa yangosamukira pamutu pa munthu amene sadaitanidwe n'komwe pokonza ulendowo. Okafikira kwa mbale anyamule ufa, mafuta ophikira, ndiwo ndi makala, ndipo amudziwitse nthawi idakalipo.

Nanga agogo, ana asukulu ndi mbale amene sali pantchito? Ameneyu sangasonkhe mofanana ndi mphunzitsi kapena mwini okala, ndipo palibe cholakwika kuti opeza bwino amunyamule. Chofunika n'chakuti zinenedwe poyambirira kuti gawo la agogo alipira ndani. Zikasiyidwa m'malere, katundu yense amagwera mwana mmodzi amene abale amamuona ngati wolemera, ndipo mkazi wake kapena mwamuna wake ndi amene amayamba kuwerengera mumtima. Msungichuma wa ulendo akhale munthu mmodzi wokhala ndi kope, wolemba chilichonse cholowa ndi chotuluka. Masiku ano ndalama zambiri zimadutsa pa Airtel Money ndi Mpamba, choncho ndalama yodulidwa potapa nayo ilembedwe, kuopa kuti msungichuma angatchedwe wakuba pa zomwe sadadye.

Nthawi ya ulendo nayo ili ndi mtengo wake. Khirisimasi imafika feteleza wobereketsa akufunika kumunda, chimanga chitakwera pamsika, ndipo fizi ya Januwale ili pakhomo. Ndi nyengonso ya mvula, pomwe mitsinje ya m'phiri imadzaza mosachenjeza. Anthu a ku Mulanje ndi Phalombe sadaiwale zomwe namondwe wa Freddy adachita mu Malichi 2023. Miyezi ya pambuyo pokolola ndiyo yabwino: njira zauma, m'thumba muli kanthu, ngakhale kuti mu Juni ndi Julayi paphiri pamazizira koopsa ndipo chiperoni chimavuta. Gulu lomwe layamba chipereganyu cha ulendo mu Epulo likhoza kunyamuka mu Ogasiti kapena Okutobala popanda ngongole. Koma kutenga katapila kapena kutapa mpamba wa geni chifukwa choopa kutsalira anzako akupita n'kugula chisangalalo cha tsiku limodzi ndi misozi ya miyezi itatu.

A nthambi ya zankhalango ndi ena oyang'anira phirili angathandize kwambiri atamalengeza mitengo yonse m'Chichewa pawailesi ndi m'nyuzipepala tchuthi chilichonse chisanafike, kuti mayi wa ku Luchenza adziwe ndalama yoyenera kunyamula asanakwere minibasi.