Gulu likakula, madeya amachuluka kuposa ufa

Masiku ano mabanja ambiri omwe ali ndi foni yamakono ali pagulu linalake la WhatsApp: la pachibale, la kumpingo, la banki m'khonde kapena la makolo a ana asukulu. Magulu otere amayamba bwino. Anthu amakhala ochepa, odziwana, ndipo foni ikalira mumadziwa kuti ndi nkhani ya matenda, maliro kapena tsiku la msonkhano.

Komatu gulu likangokula zinthu zimasintha. Kanema yemweyo amaponyedwa ndi anthu anayi tsiku limodzi. Chilengezo cha ntchito yomwe adalemba kale anthu chimabweranso ngati chatsopano. Uthenga wa zovuta umakwiririka pansi pa zithunzi za maluwa zofunirana tsiku labwino, mpaka ena amadzamva maliro ataikidwa kale.

Gwero la vutoli nlakuti wotumiza salipira mtengo wonse wa zomwe watumiza. Iye amangodina kamodzi, pomwe bandulo ndi nthawi zimathera onse olandira. Pagulu la anthu 20, kanema wobwereza amadya bandulo ya anthu 19. Pagulu la anthu 500 amadya ya anthu 499. Ndipo magulu akukulirakulira: m'chaka cha 2022 eni ake a WhatsApp adakweza chiwerengero cha anthu ololedwa pagulu limodzi kuchoka pa 256 kufika pa 512, kenaka 1,024.

Chotsatira chake nchakuti anthu odziwa zinthu amatopa msanga. Namwino kapena mlangizi wa zaulimi akawongola bodza lomwelo katatu, kachinayi amangokhala chete, mwinanso kutuluka. Otsala amakhala aja otumiza asadawerenge, ndipo gulu limafanana ndi msika womwe aliyense wabwera ndi tomato, wogulitsa mchere palibe.

Kampani ya WhatsApp idaona kuopsa kwa mchitidwewu m'dziko la India, komwe mphekesera zonena za anthu oba ana zidafala pafoni ndipo anthu osalakwa adaphedwa ndi magulu olusa. Mu Julaye 2018 kampaniyi idalamula kuti m'dzikolo uthenga usatumizidwe kumalo oposa asanu nthawi imodzi, ndipo mu Januwale 2019 lamuloli lidafika padziko lonse. Mu Epulo 2020, mabodza a Covid-19 atachuluka, idati uthenga womwe wayenda kale kwambiri uzitumizidwa kumalo amodzi okha nthawi imodzi. Malinga ndi kampaniyo, kufala kwa mauthenga otere kudatsika ndi 70 peresenti. Sadaletse munthu kulankhula. Adangochititsa kuti kutumiza kukhale kotopetsako.

Tsopano kwabweranso makina a AI, omwe amalemba nkhani yathunthu m'kamphindi. Mu Febuluwale 2023 magazini ya nthano ya ku America, Clarkesworld, idayamba yaleka kulandira zolemba kaamba koti mkonzi wake, Neil Clarke, adakwiririka ndi nthano mazanamazana zolembedwa ndi makina, zambiri zofanana. Omwe adavutika ndi alembi enieni, poti chitseko chidatsekeredwa onse.

Komabe kukhwimitsa malamulo kuli ndi vuto lakenso. Wikipedia ya Chingerezi idafika pachimake cha anthu olembamo m'chaka cha 2007, kenaka chiwerengero chidayamba kutsika. Ofufuza adapeza kuti china mwa zifukwa chidali chakuti alendo amalandiridwa ndi ukali: zolemba zawo zimafufutidwa msanga, iwo nkugwa mphwayi. Gulu lopanda mwambo limadzaza madeya, koma lokalipa kwambiri limathamangitsa amene akadadzabweretsa ufa.

Nanga mabanja achite chiyani? Choyamba ndi kulekanitsa bwalo la milandu ndi bwalo la gule. Zilengezo za maliro, zopereka ndi misonkhano zikhale ndi gulu lakelake, lomwe otumiza ndi oyang'anira okha. Mwayi woterewu ulipo pa WhatsApp kuyambira 2018. Nthabwala ndi macheza zikhale kwina, wofuna alowe.

Chachiwiri, woyang'anira gulu asamachite manyazi ndi achibale. Paja chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Wobwereza uthenga auzidwe, koma pambali ndi mwaulemu, makamaka akakhala wamkulu kapena wongolowa kumene.

Chachitatu chili m'manja mwa aliyense wa ife. Musadatumize, bwererani m'mbuyo pang'ono muone ngati wina sadatumize kale, muonenso tsiku lomwe nkhaniyo idalembedwa ndi komwe yachokera. Zimangotenga mphindi imodzi, koma mwina ndi mphindi imeneyo yomwe ingathandize mlongo wanu wa ku Johannesburg kuona uthenga wa matenda a mayi nthawi ikadalipo.