Katemera wa fuluwenza ngoperewera, koma kumukana nkulakwitsa

Kumayambiriro kwa chaka cha 2018 zipatala zina za ku America zidafika pomanga matenti panja poti odwala adachuluka kuposa mabedi. Izi zidachitika ku California ndi ku Pennsylvania, pomwe m'zipatala zambiri madzi a diripi adali akusowa chifukwa mphepo yamkuntho ya Maria idali itasokoneza mafakitale a ku Puerto Rico mu September 2017. Matenda omwe adadzetsa chipwirikitichi sadali achilendo ayi. Idali fuluwenza, chimfine chachikulu chija chomwe chimabwera chaka ndi chaka nyengo yozizira.

Bungwe loona za matenda m'dzikolo la CDC poyamba lidati anthu pafupifupi 80 000 ndiwo adamwalira m'nyengo imeneyo. Litawerengeranso, chiwerengerocho chidatsika kufika pa 52 000, ndipo ogonekedwa m'chipatala adaposa 700 000. Chodabwitsa nchakuti maliro ali mkati choncho, anthu adali pa mkangano woti kodi kubayitsa katemera wa fuluwenza kuli ndi phindu kapena nkutaya nthawi chabe.

Mkanganowo udachokera kutali. Ku Australia, komwe nyengo yozizira imagwa pamodzi ndi ya ku Malawi kuno, fuluwenza idavuta zedi m'chaka cha 2017, ndipo akatswiri adapeza kuti katemera wa chakacho adateteza ndi pafupifupi 10 peresenti yokha ku mtundu wa kachirombo wotchedwa H3N2. Kumapeto kwa chakacho akatswiri ena, kuphatikizapo Dr Anthony Fauci, adatchula chiwerengerochi m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine. Cholinga chawo chidali kulimbikitsa kuti papezeke katemera wabwino kuposa yemwe alipo. Koma nkhani itafika m'nyuzipepala, pawailesi ndi pa Facebook, idaduka mutu ndi mchira nkutsala mawu akuti katemera wa chaka chino sagwira ntchito. Nyengo imeneyo akuluakulu 37 okha mwa 100 alionse ku America ndiwo adabayitsa, kutsika kuchoka pa 43 chaka cha m'mbuyo mwake.

Si bwino kuona aliyense wokayikira katemerayu ngati mbuli. Okayikawo ali ndi mfundo zawo, ndipo zina mwa izo nzoona.

Mayi wa ku Malawi yemwe adazolowera katemera wa kusikelo amadziwa kuti mwana akabayidwa kawiri katemera wa chikuku, nkhani yatha. Katemera ameneyo amateteza ana pafupifupi 97 mwa 100 alionse. Wa fuluwenza sali choncho. Kachirombo kake kamasintha maonekedwe chaka chilichonse, kotero bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limakumanitsa akatswiri mu February kuti asankhe mitundu yoti ilowe mu katemera wa maiko a kumpoto, ndi mu September kuti asankhe ya maiko a kumwera. Makampani amafuna miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi kuti apange katemerayo, ndipo ambiri amameretsa kachiromboko m'mazira a nkhuku, njira yomwe idayamba m'zaka za m'ma 1940. Apa mpamene pagona vuto. Pamiyezi imeneyo kachirombo kali kunjaku kamatha kusintha, komanso ka H3N2 kamasinthira m'dzira momwemo pofuna kuti kamere bwino. Mapeto ake, thupi limaphunzira kulimbana ndi mdani wosiyana pang'ono ndi yemwe akubwera. Zimenezi nzomwe zidachitika mu 2017.

Mfundo ina njoti akuluakulu a zaumoyo nawo adali ndi chizolowezi chokometsera malonda. Kwa zaka zambiri kunkanenedwa kuti katemerayu amachepetsa ndi theka imfa zonse za okalamba m'nyengo yozizira. Mu 2006 Dr Lisa Jackson ndi anzake a ku Seattle adaonetsa kuti okalamba obayitsa amamwalira ochepa ngakhale nyengo ya fuluwenza isadayambe nkomwe. Tanthauzo lake nlakuti omwe amapita kukabayitsa amakhala amphamvu kale, pomwe odwalika amatsala kunyumba, choncho phindu la katemera lidali kukokomezedwa. Nalo gulu la Cochrane, lomwe limasanthula kafukufuku wa zachipatala, lidanena mu 2018 kuti pakati pa akuluakulu athanzi pamafunika kubaya anthu pafupifupi 71 kuti mmodzi apewe fuluwenza. Munthu akamva izi atauzidwa kale zokoma zokhazokha, ali ndi chifukwa chokwiyira.

Palinso mabala akale. Mu 1976, msilikali wina atamwalira ndi fuluwenza ya nkhumba ku Fort Dix, boma la Gerald Ford lidathamangira kubaya anthu oposa 40 miliyoni. Mliri womwe amauopawo sudabwere, m'malo mwake munthu pafupifupi mmodzi mwa 100 000 alionse obayidwa adadwala matenda ofoola ziwalo a Guillain-Barré, ndipo ntchitoyo idaimitsidwa mu December chaka chomwecho. Ku Finland ndi ku Sweden, katemera wa Pandemrix yemwe adaperekedwa pa mliri wa 2009 adapezeka kuti adachititsa ana ena matenda ogona tulo mosadziletsa. Wobisa mbiri imeneyi pofuna kukopa anthu akuononga yekha chikhulupiriro chomwe akuchifunacho.

Koma zonsezi zikamveka, funso limatsala lomwe lija: munthu achite chiyani fuluwenza ikafika pakhomo? Apa ndiye okayika amaphonya.

Nyengo ya 2017-18 itatha, zidadziwika kuti ku America katemera adateteza ndi pafupifupi 38 peresenti, osati 10 monga zidafalikira, ngakhale kuti ku H3N2 chitetezo chidali chotsikirapo. Akatswiri a CDC adawerengera kuti katemera woperewera yemweyo adapewetsa anthu pafupifupi 7 miliyoni kudwala, 109 000 kugonekedwa m'chipatala ndi 8 000 kumwalira. Ana omwe imfa zawo zidalembedwa kuti zadza ndi fuluwenza adaposa 180, ndipo mwa ana asanu alionse, pafupifupi anayi adali osabayitsa. Makolo a ana amenewo sangatonthozedwe ndi mawu akuti katemerayo adali wofooka.

Chiwerengerochi pachokha chimasokoneza anthu. Akati katemera amateteza ndi 40 peresenti sakutanthauza kuti anthu 60 mwa 100 obayitsa adwala. Mwachitsanzo, ngati pamudzi wa anthu 100 osabayitsa pakadadwala anthu khumi, pamudzi wa anthu 100 obayitsa padwala asanu ndi mmodzi. Anayi opulumukawo amaoneka ochepa pamudzi umodzi, koma mudziwo ukakhala dziko la anthu oposa 300 miliyoni, anayiwo amasanduka mabedi zikwizikwi a m'chipatala. Ndipo mwa omwe amadwalabe, obayitsa nthawi zambiri matenda sawagwira mwamphamvu ngati anzawo. Mlimi sasiya kuthira mankhwala m'matumba a chimanga chifukwa choti anankafumbwe ena amapulumuka.

Ena amati adabayitsa kenako adadwala chimfine, choncho katemerayo ndiye adawadwalitsa. Katemera wobaya alibe kachirombo kamoyo, sangayambitse fuluwenza. Chomwe chimachitika nchakuti thupi limatenga milungu iwiri kuti limange chitetezo, ndiponso pali tizirombo tina tambirimbiri toyambitsa chimfine tomwe katemerayu alibe nato ntchito. Kuwawa kwa mkono ndi kuphwanya m'thupi tsiku limodzi kapena awiri kulipo ndithu, ndipo namwino wanzeru amanena zimenezi asadabaye.

Pomwe mkanganowu udafika powawa mpa ogwira ntchito m'zipatala. Chipatala cha Virginia Mason ku Seattle chidayamba kukakamiza antchito ake kubayitsa mu 2005, ndipo mu November 2017 bungwe la zipatala la Essentia Health ku Minnesota lidachotsa ntchito anthu pafupifupi 50 omwe adakana. Namwino wosamalira makanda kapena odwala khansa ali ndi udindo woposa wa munthu wamba, chifukwa akatsokomola m'wodi amatsokomolera anthu omwe sangadziteteze. Pamenepa palibe zokambirana zambiri. Komabe kalata yochotsa ntchito siphunzitsa munthu, imangomutseka pakamwa, ndipo wochotsedwayo amakafalitsa mkwiyo wake kunja. Kufotokoza zoona zake ndi kumubweretsera katemerayo pantchito mwaulere ndiko kuyenera kutsogola.

Zomwe zidachitika mu 2018 zidabwereranso m'nyengo ya 2024-25, yomwe a CDC adaiika m'gulu la nyengo zoopsa koyamba chichokereni 2017-18. Ana omwalira ulendo uno adaposa 250, ndipo ambiri mwa iwo adali osabayitsa mokwanira. Katemera wogwira mitundu yonse ya fuluwenza, yemwe akatswiri aja amamulakalaka mu 2017, adali asadafikebe pamsika. Akulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Wina angafunse kuti mkangano wa ku America ukumukhudza bwanji munthu wa ku Ntcheu kapena ku Rumphi. Choyamba, chilankhulo chimapusitsa. Liwu loti chimfine limanyamula zonse, kuyambira mamina a tsiku limodzi mpaka fuluwenza yomwe imagwetsa munthu ndi kutentha thupi, kuphwanya mfundo ndi chifuwa, kenako nkusanduka chibayo. Wodwala amangoti ndi malungo, akayezedwa magazi nkupezeka alibe, amabwerera kunyumba ndi panado. Akamwalira, pamaliro pamamveka kuti chidali chibayo. Komatu dera lino likuidziwa fuluwenza. Mliri wa 1918 udapha anthu pafupifupi 300 000 ku South Africa m'milungu isanu ndi umodzi yokha, ndipo udafikanso ku Nyasaland kumapeto kwa chaka chomwecho, nkhondo yoyamba yapadziko lonse ikutha.

Chachiwiri, umboni wa pafupi ulipo. Kafukufuku yemwe adachitika pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pakati pa 2013 ndi 2015 adapeza kuti akuluakulu omwe ali ndi HIV amadwala fuluwenza kawirikawiri kuposa anzawo, ndipo ikawagwira imawadwalitsa modetsa nkhawa. Ku Soweto, gulu la Pulofesa Shabir Madhi lidabaya amayi oyembekezera mu 2011 ndi 2012, ndipo zotsatira zomwe zidatuluka mu 2014 zidaonetsa kuti katemera adachepetsa fuluwenza ndi pafupifupi theka kwa amayiwo, kuphatikizapo omwe ali ndi HIV. Makanda obadwa kwa amayi opanda HIV nawo adatetezeka pafupifupi chimodzimodzi. Izi nzofunika chifukwa khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi silingabayidwe katemerayu, chitetezo chake chimachokera kwa mayi. A WHO adali atanena kale mu 2012 kuti maiko omwe akuyamba kupereka katemera wa fuluwenza ayambire amayi oyembekezera.

Katemerayu sali pamndandanda wa akatemera omwe ana amalandira kusikelo m'dziko muno, ndipo chifukwa chake nchomveka. Thumba la unduna wa zaumoyo likulimbana ndi malungo, TB, kolera ndi kusowa kwa mankhwala, pomwe katemera wa fuluwenza ngofunika kugula mwatsopano chaka chilichonse. Palibe wanzeru yemwe angati boma libaye Amalawi onse. Koma kusankha kusagula kukhale kusankha kochitika chiwerengero chili patebulo, osati kungoiwala. Unduna uziuza anthu kuti fuluwenza ikugoneka anthu angati m'zipatala zikuluzikulu, miyezi iti, ndiponso kuti zingadye ndalama zingati kubaya amayi oyembekezera, omwe amabwera kale kusikelo, ndi omwe amalandira ma ARV, omwe amabwera kale kukatenga mankhwala. Nkhanga zidapangana kusadapse.

Tsiku lomwe katemerayu adzafike, phunziro la ku America lidzagwire ntchito. Dziko lino lidaona kale zomwe mphekesera zimachita. Mu May 2021 boma lidatentha katemera wa Covid-19 wa AstraZeneca wokwana 19 610 yemwe adatha mphamvu asadabayidwe, panthawi yomwe mabodza a pa WhatsApp adali atafika mpaka kumudzi. Mlangizi wa zaumoyo akadzauza mayi kuti akabayitsa sadwalanso chimfine, mayiyo akadzayetsemula mu July adzauza mudzi wonse kuti adanamizidwa. Koma akadzamuuza kuti katemerayu amachepetsa ngozi ndi theka kapena kucheperapo, kuti zaka zina amafooka, kuti sateteza ku chimfine wamba, mayiyo adzasankha akudziwa, ndipo mphekesera idzasowa pogwira.

Pakadali pano omwe ali ndi mwayi ndi Amalawi okhala kunja. Ku South Africa zipatala za boma zimapereka katemerayu mwaulere kwa amayi oyembekezera, okalamba, omwe ali ndi HIV kapena matenda ena amgonagona ndi ogwira ntchito zachipatala, ndipo nthawi yabwino yobayitsa ndi March kapena April, chisanu chisadalowe. Ku Britain, komwe Amalawi ambiri amagwira ntchito yosamalira odwala ndi okalamba, a NHS amayamba kubaya mu September ndi October, ndipo amayi oyembekezera ndi azaka 65 kupita m'tsogolo salipira kalikonse.