Alendo athu a ku Domasi, Khirisimasi ino musadzitsekere

Chaka ndi chaka kuno ku Domasi kumafika anthu atsopano: aphunzitsi a ku Domasi College of Education, ogwira ntchito ku Malawi Institute of Education, asilikali a ndende, alangizi a ulimi wa nsomba. Disembala akafika ambiri amakwera minibasi kupita kwawo, ndipo palibe cholakwika. Ndikulankhula ndi inu amene mwatsala, chifukwa ndimaona ena mwa inu mukudzitsekera m'nyumba pa 25 Disembala, wailesi ili pakhutu, pomwe mudzi wonse uli panja.

Choyamba dziwani kuti chikondwerero chathu chimagwa pa nthawi yowawa. Mvula yagwa, chimanga chili m'mawondo, udzu ukufuna khasu, feteleza akufuna ndalama, ndipo m'makomo ambiri chimanga cha chaka chatha chinatha kale. Ana akudalira mango. Anthu a kusikimu ya mpunga ali kalikiriki ndi nazale ndi kuwokera. Mukadzaona mayi amene dzulo amakupemphani ganyu lero akuphika mpunga ndi nkhuku, musafulumire kunena kuti anthu akumudzi sadziwa kusunga ndalama. Ndamva mawu amenewa kwa anthu ophunzira ndipo amandipweteka. Mpungawo anaupatula pokolola m'mwezi wa Meyi kapena Juni, n'kuubisa kuti ana asauone. Nkhukuyo yakhala ikusungidwira tsikuli. Ndalama ya nsalu yatsopano ndi ya kubanki m'khonde, imene magulu ambiri amagawana kumapeto kwa chaka. Banja limene ladya kamodzi patsiku kwa milungu ingapo lili ndi ufulu wokhuta tsiku limodzi.

M'mawa wa tsikulo mabelu amalira ku Domasi Mission, kumene Alexander Hetherwick wa mpingo wa ku Scotland anatsegula ntchito mu 1884, ndiponso ku Malosa kwa a Anglican. Makwaya amakhala atakonzekera kwa milungu, ana amasewera za kubadwa kwa Yesu, ndipo mapemphero amatalika. Mukatuluka m'tchalitchi mudzakumana ndi ana atavala zatsopano, botolo la Fanta m'manja, akulowera kumsika wa Songani. Adzakuuzani kuti “Khirisimasi bokosi!” Sungani masiwiti kapena timandalama m'thumba.

Koma chimene ndimanyadira kwambiri m'chigwa chino n'china. Dera la mfumu yaikulu Malemia ndi la Ayao ambiri, ndipo m'banja limodzi mumapezeka Msilamu ndi Mkhristu, wina amalume, wina muphwa. N'chifukwa chake Mkhristu wa kuno akagula mbuzi kapena nkhuku ya Khirisimasi amaitana mnansi wake wa Chisilamu kuti adzazinge, kuti aliyense adye ndi mtima umodzi. Pa Idi mbale imabwerera njira yomweyo. Palibe lamulo linalembedwa, palibe komiti inakhalapo. Inu alendo, mukafuna kuitana anzanu, chitani chimodzimodzi, ndipo nyama ya nkhumba isiyeni kaye tsiku limenelo. Akakupatsani thobwa, landirani ndi manja awiri. Akakuitanirani chakudya, sambani m'manja ngakhale mwakhuta. Kukana mbale ya munthu amene waivutikira miyezi isanu ndi umodzi n'kumunyoza.

Ku Dominican Republic, dziko la pachilumba cha ku Caribbean, ana amalandira mphatso pa 6 Januwale, ndipo kuli nthano ya gogo wina, Vieja Belén, amene amabwera patapita masiku kudzapatsa ana osauka amene sanalandire kanthu. Ife tilibe gogo wotero. Amene angaone mwana wamasiye wa kuseri kwa nyumba yanu ndinu nomwe, amene malipiro anu a Disembala alowa kale kubanki.

Sindibisa kuti zoipa ziliko. Madzulo a Khirisimasi mowa umachuluka, anyamata a kabaza wa njinga zamoto amathamanga mosaona pamsewu wa Zomba kupita ku Liwonde, ndipo atsikana aang'ono amasochera m'magule a usiku. Mvula ikagwa kuphiri, mtsinje wa Domasi umadzaza mwadzidzidzi ngakhale kumunsi kuli dzuwa, choncho musawoloke mwachibwana. Usiku wa pa 31 Disembala musayembekeze tulo: matchalitchi amachezera kupemphera, ndipo 12 koloko ikakwana ana amamenya zitini ndi migolo mpaka agalu kusokonezeka.

Pa 2 Januwale aliyense ali kumunda, ndipo njala yeniyeni imayamba pamenepo mpaka chimanga chachiwisi chipse. Amene anakudyetsani mpunga adzabwera kudzafuna ganyu yopalira. Musamunenerere mtengo mpaka pansi chifukwa chakuti ali pamavuto. Mulipireni zokwanira, tsiku lomwelo.